Nyimbo Imene Sitinagawane

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Ndapsa mtima moti cholembera chikuboola pepala.

Titamaliza pulakatisi kuseri kwa shopu yometera ya Zakeyu pa Kamwendo, mwini wake anatikhazika pansi kuti ali ndi nkhani yabwino. Zakeyu ndi wa kiyibodi basi, koma chimwalirireni mlongo wanga Vitus chaka chatha, anadzipatsa yekha umanejala wa Nsenjere Band. Palibe anamusankha. Anangogula jekete ndi chikwama cha m'manja, ife n'kudzuka tili ndi manejala. Kuyambira pano ndizingolemba Z., dzina lake likundithera inki.

Akuti wapeza siponsa. Kampani ina ya ku Lilongwe, yogulitsa mbewu yotchedwa Dzaza Nkhokwe, ikufuna bandi yozungulira nayo m'misika mvula isanagwe. Mashoo sikisi, masipika awiri ndi ampu yatsopano, zonse zidzakhale zathu. Sindinama, ndinaimirira n'kuvina. Chipsereni ampu yathu mu Ogasiti takhala tikubwereka ya mpingo wina, yolira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Felix wa ng'oma anaimba likhweru, Mphatso wa besi anayamba kale kufunsa ngati kudzakhale chakudya.

Kenako Z. akukanda m'mutu, akuti pali kanthu kamodzi kakang'ono. A kampaniwo akufuna nyimbo yathu ya Belo Lomaliza, koma mawu ake asinthidwe akhale otsatsa mbewu.

Kanthu kakang'ono eti.

Vitus anapeka nyimbo imeneyo tili pa esiteti ya fodya, kumene abambo anakhala tenanti zaka naini. Chaka chomaliza anasoka fodya mpaka zala kutupa n'kuda ndi phula la fodyayo. Mabelo atapita ku okushoni, kapitawo anabwera kudzawauza kuti zonse zalowa ku chakudya ndi feteleza amene ankatenga. Tinachoka pa esiteti paja ndi mphasa ndi mapoto. Vitus anakhala pa chitsa ndi gitala yake ya chigubu n'kuyamba: “Belo lomaliza lakwera lole, ine ndatsala ndi phula m'manja.” Abambo anaimva kamodzi kokha, ananyamuka n'kuchokapo.

Ndamuuza Z. kuti ngati akufuna chogulitsa agulitse jekete lakelo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Z. watumiza mawu atsopanowo pa foni kuti ndingowaona. “Thumba loyamba lafika pakhomo, ine ndatsala ndi ndalama m'manja.” Ndafufuta. Chondinyansa n'chakuti ndawaloweza kale osafuna.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kwabwera mtsikana wa kampani ija, dzina lake Natasha. Galimoto yoyera, botolo la madzi losachoka m'manja. Ulemu ali nawo, pamenepo ndisamunamizire. Amanditchula kuti sisi Chipiliro, ndipo akuti mawu anga ndi amene anawakopa atationa pa vidiyo ya ukwati wina. Nyimbo ija akuti ndi yokoma, vuto mawu ake ndi odandaula, ndipo mlimi wodandaula sagula mbewu.

Ndinamufunsa ngati anagwirapo fodya wamuwisi chibadwire. Anavomera kuti ayi. Kenako anati, “Koma sisi, pa vidiyo paja anthu akuvina uku akuseka. Mawuwo amawamva?”

Zinandibaya, chifukwa nanenso ndimaona zimenezo ndikakhala kutsogolo. Ndinangomuyankha kuti nyimboyo si ya Z., sangaigulitse ngakhale atavala majekete awiri. Mtsikana uja anadabwa, n'kutembenukira kwa Z., akuti nanga simunawauze kuti chilolezo cha banja chinasainidwa Lachisanu lapitali?

Z. maso pa nsapato zake. Ndiye kuti Lolemba lija, pamene ine ndimavina ngati chitsiru, munthuyu anali atandiyenda kale pansi. Ndaimba naye zaka sikisi. Pa maliro a Vitus ananyamula nawo bokosi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndatseka okala yanga ya zitenje, ndakwera kabaza mpaka kwa Amayi ku Guilleme. Sindinafunse n'komwe, inki ikuonekabe m'mbali mwa chikhadabo cha chala chawo chachikulu. M'nyumba muli matumba awiri a feteleza ndi kathumba ka mbewu, zofunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi.

Amayi akuti Z. anabwera ndi amalume a Mateyu, n'kuwauza kuti Vitus azimveka pa wayilesi. Za kusintha mawu akuti zinatchulidwa, koma iwo ankaganiza kuti ndi kungowonjezera vesi. Sindinathe kuwakalipira. Chaka chatha analima popanda feteleza, chimanga chake chinathera m'mawondo.

Amalume ndinawapeza kumunda akukonza mizere. Sanasiye n'khasu lomwe.

“Tsiku lometa tinagawa katundu wa malemu pamaso pa anthu,” anatero. “Gitala unatenga ndiwe. Njinga inabwera kwa ine, zovala tinapatsa asuweni ako. Nyimbo anaitchula ndani? Chimene sichinagawidwe chimatsala m'manja mwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndine.”

Ndinati nyimbo si mbuzi. Iwo akuti zoona, mbuzi imodzi singabweretse matumba awiri a feteleza. Apa ndiye pakamwa panga panathawa. Ndinawakumbutsa kuti pa maliro paja iwo anali kalikiliki ndi kugawa nyama, misozi sitinaione. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wokulira pa esiteti mwambo saudziwa. Ngati kuti pa esiteti tinapita kukasewera.

Pobwerera ndakhala ndikuganiza za tsiku lometa lija. Ndinalipo. Ndinakumbatira gitala ngati ndapambana mpikisano. Sizinandibwerere m'mutu kuti ndiimirire ndinene kuti nyimbo zake nazonso ndi zanga. Ndani anagawapo nyimbo pa bwalo la maliro? Akanandiseka mudzi wonse. Lero kusaseketsa anthu kuja ndi kumene kwandipweteketsa.

Loweruka, 12 Okutobala

Chinkhoswe ku Mavwere, dzuwa lili pamutu, ampu ya mpingo ija ikutsokomola nyimbo iliyonse. Ine ndi Z. sitikulankhulana. Akafuna kundiuza kiyi amauza Mphatso, Mphatso n'kuuza ine, chonsecho tayimirira moyandikana.

Perekaniperekani ali mkati, bambo wina wachikulire anabwera kudzapempha Belo Lomaliza, imene ife timangoti BL. Kalankhulidwe kawo n'ka ku Mulanje, tenanti ndithu. Ndinaimba ndi mawu ake enieni, mokweza dala, maso anga ali pa Z. Anthu anavina monga mwa masiku onse, fumbi koboo. Koma bambo aja sanavine. Anaima kutsogolo kwa sipika chipewa chili m'manja mpaka nyimbo kutha, kenako anandionetsa zikhatho zawo, zakuda m'ming'alu monse. Anangoti wopeka nyimbo imeneyi anasokapo fodya.

Ndinalakalaka Natasha akanakhalapo ndi botolo lake.

Potsiriza eni chinkhoswe akuti zinthu sizinayende bwino, anatipatsa theka la zimene tinagwirizana ndi tambala wamoyo. Tambala mmodzi, anthu anayi. Z. anapezerapo mpata, akuuza Mphatso mokweza kuti anthu ena aziganiza, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinamuuza kuti mwambi wa fodya asamaunene pamaso pa mwana wa tenanti, ife tinaona fodya wa pamphuno akukwera lole.

Koma amene wandisowetsa mtendere ndi Felix. Tikudikira minibasi, tambala ali kukhwapa, anandiuza kuti za kampanizi zikalephereka agulitsa ng'oma zake apite ku Chipata kukasaka maganyu. Mkazi wake akuyembekezera, Disembala. Sanandidzudzule, sanandipemphe. Anangonena ngati akunena za mitambo. Bola akanandilalatira, ndikanamuyankha.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ku misa ndimangotsegula pakamwa. Amalume ali kutsogolo, akuimba kuposa kwaya.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. M'mawa wonse ndakhala pa okala ndi gitala ya Vitus, makasitomala akudutsa, ine ndikupeka nyimbo ina yatsopano ya mbewu yawoyo. Yabwino ndithu, ya chitelele, yoti amayi aziwombera m'manja. Ndinajambula pa foni n'kutumiza kwa Natasha, kuti tengani iyi ulele, ya mlongo wanga muisiye.

Anayankha msanga. Akuti ndi yokoma kwambiri sisi, koma abwana akufuna nyimbo imene anthu akuidziwa kale, yatsopano imatenga nthawi kuti igwire. Kenako, poganiza kuti akundithandiza, anatumiza chithunzi cha tsamba lachitatu la kontirakiti kuti ndione kuti zonse zili poyera.

Zili poyeradi. Kwa chaka chathunthu bandi isaimbe mawu akale a nyimboyi pagulu, kuopa kusokoneza anthu.

Ndinawerenga katatu. Ndiye kuti sakubwereka. Akufuna kuipha ina ija, yawoyi ikhale pamalo pake. Ndinapita kwa Z. ndinamupeza akumeta munthu, ndinamuonetsa tsambalo kasitomala ali pomwepo theka la mutu. Akuti chaka si kanthu, chimatha. Ndinamufunsa ngati anawawerengera Amayi tsamba limeneli asanawadinditse. Anangoyatsa makina ake.

Ndamuuza kuti asake woimba wina. Ine pakamwa panga mawu amenewo sadzatulukapo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Sindinapite kwa Amayi. Ndangotumiza chitenje pa kabaza.

Lachitatu, 16 Okutobala

Z. wamusakadi woimba wina uja.

Ndimadutsa kuseri kwa shopu popita kukagula makala, ndinamva kiyibodi ndi mawu a mtsikana. Dailesi, wa mu kwaya ya achinyamata. Mwana wabwinobwino, mawu ngoyera, ndilibe naye chifukwa. Koma mmene amaithamangitsira nyimbo ija! Pali malo pamene Vitus ankaima, akati “ine ndatsala”, n'kusiya ng'oma zigunde kawiri zokha, ngati munthu akutsegula manja kuti aone zimene zilimo. Dailesi amangodutsapo ngati minibasi yodzaza. Ndipo Z. akuti eya, ukukhoza.

Ndinaima pamenepo ndi thumba la makala lopanda makala. Anabwereza kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu sindinapirire. Ndinalowa, ndinalanda maiki m'manja mwa mwana wa eni, ndinati si choncho, tamvera. Ndinaimba. Ndinaima pamalo paja, Felix anagunda kawiri, thupi langa lonse linachita tsemwe.

Nditamaliza m'pamene ndinazindikira kuti ndaimba za thumba lofika pakhomo.

Dailesi anatola chikwama chake n'kutsanzika mwaulemu. Z. sanaseke, ndipo akanayerekeza ndikanamuswa ndi maiki yomweyo. Anangoti galimoto ya ku situdiyo inyamuka mawa 8 koloko.

Ndikudziuza kuti ngati nyimboyi ikugulitsidwa ndithu, bola ipite ili ndi kaimidwe ka Vitus, anthu akamaimva azikumbukira ina ija pansi pake. Mwina ndi zoona. Mwinanso ndi nsanje chabe, kusafuna kuti wina aimbe nyimbo ya kwathu. Lolemba lomweli ndinalumbira pamaso pa kasitomala wometedwa theka. Ndikudzinyansa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Situdiyo pa boma. Kachipinda kotentha, makoma omata matileyi a mazira. Ndinaimba kanayi, kachinayi wojambula anati basi yatheka. Natasha anawomba m'manja, akuti pamene ndimaima paja m'pamene pagulitse mbewu. Anatigulira tchipisi ndi nkhuku. Ndadya, yonse, mpaka mafupa. Ndilembe zimenezonso kuti ndisadzadzinamize kuti ndinakana kanthu.

Loweruka, 19 Okutobala

Shoo yoyamba, pa Kamwendo pompano, pamwamba pa lole ya kampani. Masipika atsopano akugunda mpaka a kabaza a kusiteji kusiya makasitomala. Tonse atativeka matisheti obiriwira, langa lalikulu ngati thumba la feteleza lomwelo.

Ndinali ndi kachinsinsi kanga. Kontirakiti imaletsa bandi, siiletsa anthu. Pa Kamwendo palibe amene sadziwa BL, ana omwe amaiimba potunga madzi. Ndinati ndikafika pa kolasi ndingolozetsa maiki kwa anthu, aimbe okha zimene akudziwa, Natasha amve ndi makutu ake kuti nyimbo ili ndi eni ake.

Ndinachitadi. Ndipo anaimba! Msika wonse, “phula m'manja”, mpaka azimayi a tomato kumbuyo. Misozi inalengeza. Ndinayang'ana Natasha kuti ndione nkhope yake ikugwa.

Sinagwe. Anamwetulira, anakwera pa lole, anatenga maiki ina n'kunena kuti Kamwendo mumatha kuimba, tsono amene aimbe mawu atsopano mokweza alandira tisheti. Ananyamula mtolo wonse m'mwamba. Anawaphunzitsa mzere umodzi, kawiri kokha. Tinabwereza kolasi, theka linaimba zakale theka zatsopano, matisheti anayamba kuuluka. Kachitatu anawonjeza timapaketi ta mbewu. Kachinayi phula linali litatheratu, msika wonse uli ndi ndalama m'manja.

Sizinatenge mphindi khumi. Nyimbo imene yakhala pakamwa pa anthu zaka zonsezi.

Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Anthu aja ndimawadziwa mmodzimmodzi, tisheti ndi chovala, mbewu ndi mbewu. Ndipo amene ankawatsogolera pa kolasi, mokoma, kuima pamalo pake penipeni, ndi ine. Felix anandigwira dzanja potsika, akuti zikomo achemwali. Ndinalichotsa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Nyimbo ija yamveka pa wayilesi kasanu lero. Ndawerenga. Wa kabaza wina wandikuwira pamsewu kuti “a Dzaza Nkhokwe!” Dzina langa latsopano limenelo. Mafoni akuti akubwera kwa Z., maukwati atatu a Disembala, onse akufuna “nyimbo ya mbewu ija”. Wagula tayi.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kamtsikana ka a neba kakusesa pabwalo uku kakuimba za thumba. Ndinakafunsa ngati kakudziwa mawu ena a nyimboyo. Akuti alipo enanso?

Lolemba, 28 Okutobala

Ndapita kwa Amayi, koyamba chikanganireni ndi amalume. Kunagwa kamvula usiku wa dzulo, kunja kukununkhira dothi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda mtedza, atavala chitenje ndinatumiza chija. Sanandimve ndikubwera, chifukwa amaimba.

Thumba loyamba lafika pakhomo.

Ndinakhala pansi, ndinakoka lichero, tinasenda limodzi. Akuti amandimva tsiku lililonse pa wayilesi ya a neba, azimayi a ku Mphakati wa kutchalitchi akuwayamikira kuti anabereka. Anali okondwa zenizeni. Ndinadikira mpaka mtedza utatsala pang'ono, ndiye ndinati, “Amayi, taimbani mmene ankaimbira Vitus.”

Anaseka, akuti imeneyo angaiwale bwanji, mwana anabereka okha. Anayamba bwinobwino, belo lomaliza lakwera lole. Anafika pa “ine ndatsala”, anaima monga ankaimira mwini wake, kenako pakamwa pawo panatuluka ndalama. Anagwedeza mutu, anayambiranso. Ndalama. Manja anasiya kusenda. Anakhala akuyang'ana makoko ali pa chitenje chawo nthawi yaitali, milomo ikuyenda yokha.

“Chipi, paja amati watsala ndi chiyani?”

Mkwiyo wonse wa masabata atatuwa unaphulika. Ndinaimirira, makoko kugwa, ndinaiyamba kuyambira pachiyambi ndi mawu onse amene ndili nawo, kuti imveke mpaka kumunda kwa amalume. Ndinafika pa phula. Ndinalowa vesi yachiwiri, ya zigafa zoyanikira fodya ndi kapitawo. Amayi amandiyang'ana misozi ikutsika, kenako anatembenuka kusuzumira ku mpanda, n'kundikoka chitenje.

“Tsitsa mawu, mwana wanga. Anthu angakanene ku kampani.”

Ndinakhala pansi. Ndinatsitsa.